Maliro a Mchere pa Chipata cha Nungu

Padangokhala. Amene muli pafupi vomerani, amene muli kutali tili tonse ndithu.

Panali dambo lotchedwa Chimeza. Tsidya lino kunali mudzi wa nyama ndi malo ophikira mchere. Tsidya linalo kunali msika ndi manda. Wofuna kugulitsa kanthu kapena kukaika m'bale wake ankayenera kuoloka dambolo, ndipo dzina lakelo silinali lolinamizira.

Chaka china linameza Nangozo, mkazi wa Likongwe. Ananyamuka m'mawa atasenza dengu la mchere, mwamuna wake atatsala pamoto kuphika wina. Kumsika sanafikeko, kunyumba sanabwerere. Anamufuna masiku asanu osapeza ngakhale nkhata yake. Akuluakulu anati aike thunthu la nthochi m'malo mwa thupi, monga zimachitikira munthu akasowa m'madzi. Likongwe anakana.

"Sindinakwatire nthochi ine," anatero, n'kutseka chitseko.

Choncho maliro sanachitike. Palibe anakumba manda, palibe anameta, palibe anaimba.

Mvula yotsatira isanagwe, Njovu, nduna yoona za maulendo, analamula kuti pa Chimeza pamangidwe msewu wa miyala. Msewu unamangidwa, ngolo zinayamba kuoloka, ndipo poyambira pake anaikapo chipata chotchinga ndi mtengo umodzi. Mlonda wake anali Nungu.

Lamulo la pachipata linali lotere. Patsogolo pa mtengo wotchingawo panali malo a dothi lonyowa, osalazidwa ngati m'nyumba yozira kumene. Ngolo iliyonse inkaponda pamenepo. Nungu ankazula munga umodzi kumsana kwake n'kuuimika m'phazi la gudumu. Munga wa nungu uli ndi mizere, woyera, wakuda, woyera, wakuda. Mzere uliwonse wolowa m'phazimo unali dengu limodzi la miyala loti mwini ngolo atule pachipata, la ntchito yokonza msewu. Woyenda pansi sankatula kanthu. Maliro nawonso sankatula. Akamabwera, Nungu ankavula chipewa, kuweramitsa mutu, n'kukweza mtengo, munga osaukhudza.

Oyendetsa ngolo ankadandaula tsiku ndi tsiku, makamaka Njati, amene ngolo yake inali yaikulu kuposa zonse.

"Ine madengu asanu ndi limodzi, Gwape dengu limodzi! Kodi msewuwu uli nane chifukwa?"

"Dzina lanu sulidziwa, akulu," ankayankha Nungu. "Umangodziwa kulemera kwanu."

"Nanga miyalayo imapita kuti? Chaka chatha chokha ndinatula phiri lathunthu pano, koma dzenje la pakati paja likadandigwedeza chiwindi."

"Imapita pansi."

"Pansi pa nyumba ya ndani?"

Onse a pamzere ankaseka, Nungu osaseka, ndipo Njati ankatula madengu ake akung'ung'udza.

Likongwe anakhala zaka ziwiri osaponda pamsewupo. Mchere wake ankagulitsa motchipa kwa eni ngolo, iwo n'kukapindula nawo kumsika. Chaka chachitatu msuweni wake Njiri anatopa nazo.

"Asuweni, mchere ndi wanu, thukuta ndi lanu, koma akunenepa ndi ena. Khomani ngolo, ine ndizikoka."

Likongwe anakhoma ngolo. Koma tsiku loyamba, akumanga zingwe, analumbira.

"Msewu uwu unachedwa ndi dzinja limodzi. Ukanabwera msanga ndikanautulira phiri. Tsopano sudzaona mwala wanga, ngakhale wogendera mpheta."

"Ndiye tidutsa bwanji? Muli ndi mapiko m'thumbamo?"

"Inu kokani. Kuganiza mundisiyire."

Anafika pachipata ndi matumba asanu ndi atatu.

"Mwadzuka bwanji, a Nungu, eni ake a matope?"

"Ndadzuka, kaya inu a Likongwe. Pondani apo."

"Tiponda. Ndifunseko kaye, popeza ndine mlendo. Woyenda pansi amatula madengu angati?"

"Satula."

"Ngakhale atasenza?"

"Ngakhale atasenza."

"Nanga ngolo yopanda kanthu?"

"Munga ndiwo umanena."

Likongwe anatembenukira kwa Njiri. "Asuweni, msana wanuwo anaupanga ngati thandala. Tisauwononge ndi ulesi."

"Ndinabwera kudzakoka ine, osati kudzasenza."

"Mukoka. Yambani mwasenza."

Njiri anasenza thumba limodzilimodzi, kuwerama pansi pa mtengo, kukatula kuseri kwa chipata, n'kubwerera, mpaka kasanu ndi katatu. Kenaka ngolo inaponda padothi ili yopanda kanthu. Nungu anaimika munga. Unangokhala pamwamba, ngakhale mzere umodzi osalowa.

"Palibe," anatero, n'kukweza mtengo. "Lero mwadutsa. Kuyambira mawa, katundu amene ali ndi ngolo yake azidutsa ali pangolopo."

Anapakiranso mchere uja, n'kuuyamba ulendo. Atayenda pang'ono Likongwe anayamba kuimba mluzu.

Inali nyimbo ya Nangozo, imene ankaimba akasenza. Inali yaifupi, yonena za mchere umene suopa dzuwa, suopa moto, koma umaopa madzi. Kumapeto kwake woimba amapempha amene ali kutsogolo kuti amudikire, ndipo wovomera amayankha kuti ali pomwepo, sanapite. Kale Nangozo ndiye ankayambitsa, Likongwe n'kumavomera. Tsopano Likongwe ankaimba mbali ya mkazi wake ndi mluzu, ndipo akafika poyenera kuvomera ankangosiya.

Kuchipata kuja Nungu anaima osagwedezeka mpaka mluzuwo utatha. Gwape anachita kumukodola kuti amuyezere ngolo.

"Asuweni," anatero Njiri ali wefuwefu, "dengu limodzi la miyala n'lopepuka kuposa zimene ndasenza lero."

"Nkhani si kulemera kwake."

Msika wotsatira, Likongwe anasenda makungwa a mlambe, n'kukulunga magudumu onse awiri mpaka anatambalala ngati malichero.

"Ngolo yanu yatupa mapazi," anatero Nungu. "Mwaipondetsa pa mankhwala a mfiti?"

"Ndi nsapato izi, akulu. Mchere uli pangolo monga munanenera. Yezani."

Ngolo inaponda, matumba onse ali pamwamba. Dothi linangosalala. Nungu anaimika munga apa, kuimika apo, osalowa. Anawerama n'kuyang'ana magudumu aja nthawi yaitali. Kenaka anatuma mawu kwa Mfuko, kapitawo wa okonza msewu. Mfuko anabwera dothi lili kumaso, anazungulira ngolo, anagwiragwira makungwa, n'kupukusa mutu.

"Wachita izi ndani? Magudumu otere sacheka msewu. Onse atamanga chonchi, ntchito yathu ingachepe."

"Palibe," anatero Nungu, n'kukweza mtengo. "Lero mwadutsa. Kuyambira mawa, ngolo iliyonse yokhala ndi katundu izitula dengu limodzi, ngakhale itavala nsapato zazikulu bwanji."

Likongwe anadutsa akuimba mluzu wake, n'kusiya pomwe ankasiyira.

Pasanathe sabata ngolo zonse zinali zitavala makungwa. Njati anatsika kuchoka pa madengu asanu ndi limodzi kufika pa atatu, ndipo anabweretsa dzungu lalikulu kudzathokoza. Likongwe analiyang'ana dzungulo ngati chitonzo. Anafuna kuubera msewu, m'malo mwake anaupatsa mphatso.

"Basi, asuweni," anatero Njiri. "Latsala dengu limodzi lokha. Nditola ndekha miyalayo, inu musaikhudze n'komwe."

"Ikachokera pangolo yanga ndi yanga."

"Ndiye mwatsala ndi nzeru iti?"

Likongwe anafunsa, "Ndani amadutsa pachipata munga osazulidwa?"

Njiri anaimika makutu. "Ayi. Iyayi, asuweni. Maliro saseweretsa. Mukudziwa chimene amachita naye woseweretsa maliro? Amamutulutsa m'mudzi, ndipo tsiku lake likadzafika palibe womukumbira."

"Tingodutsa chipata. Tikafika pakati tichotsa masamba, tipinda mphasa, tikhalanso ogulitsa mchere."

"Akafunsa kuti watisiya ndani?"

"Pamsewu safunsa. Amafunsa kumanda, ndipo ife kumanda sitifikako."

Njiri anakana katatu, kachinayi anavomera, chifukwa msuweni ndi msuweni.

M'mawa wa tsiku la msika anayala matumba aja motalika, anawakulunga m'mphasa yatsopano, anamanga ndi luzi kumutu, pakati ndi kumiyendo. Ngolo anaizika masamba aawisi mbali zonse. Likongwe anayenda pambali pake atagwira kumutu, Njiri akukoka pang'onopang'ono, maso ali pansi chifukwa cha mantha enieni.

Pachipata panali mzere wautali. Ngolo zonse zinapatuka. Nungu anavula chipewa, anaweramitsa mutu, n'kukweza mtengo. Ngolo ya Likongwe inaponda padothi n'kudutsa.

"Mwaona?" ananong'ona Likongwe.

"Ndaona," anatero Njiri. "Tacheukani muonenso inu."

Likongwe, ndi nzeru zake zonse, anaiwala chinthu chimene mwana aliyense amadziwa, chakuti maliro sayenda okha. Zaka zitatu zotseka chitseko zinamuiwalitsa. M'mbuyo mwake Njati anali atamasula ngolo yake n'kuisiya m'mbali mwa msewu, katundu ali momwemo. Gwape naye chimodzimodzi, Mbawala, Anyani, onse. Amayi anatula madengu awo n'kumangirira nsalu m'chiuno.

"A Likongwe," anatero Njati ndi mawu otsika, "zovuta zotere osatuma mthenga? Ndiponso munthu akwere ngolo ngati matumba a makala, amuna tili pano? Tsitsani, tinyamule."

"Ayi, akulu, musavutike. Muli ndi msika. Malemuwa analibe mwambo wambiri."

"Msika ulipo sabata yamawa. Munthu amaikidwa kamodzi."

Anadula mitengo iwiri, anaika mphasa ija pamwamba, n'kukweza pamapewa. Njati anadzuma pang'ono.

"Koma malemuwa ankadya bwino," ananong'oneza Mbawala.

Njiri anayang'ana msuweni wake. Likongwe anayang'ana kumwamba.

Nkhanga, mtsogoleri wa amayi oimba pamaliro, anasendera pafupi. "Bambo, tisayende chete ngati akuba. Nyimbo imene malemu ankaikonda ndi iti? Yambitsani, ife tilandira."

Likongwe anafufuza m'mutu mwake. Mabodza analimo ambiri, koma nyimbo inalimo imodzi yokha. Anaiyamba, osati ndi mluzu, koma ndi mawu, kwa nthawi yoyamba chiyambire tsiku lija. Mawuwo anatuluka osasa. Anaimba za mchere ndi dzuwa, za mchere ndi moto, za mchere ndi madzi. Anafika popempha kuti amudikire, ndipo anasiya monga mwa chizolowezi.

Kumbuyo kwenikweni kwa gulu, liwu limodzi linavomera.

Likongwe anacheuka. Anali Nungu, chipewa chili m'manja. Chipata anachisiya chotsegula, mtengo uli m'mwamba, chinthu chimene sichinachitikepo chimangidwire msewu.

Nkhanga anagwira mayankhidwe ake msanga, amayi anamutsatira, kenaka amuna ndi mawu awo aakulu. Likongwe atayambitsanso kachiwiri n'kufika pamalo paja, gulu lonse linamuyankha kuti lili pomwepo, silinapite. Njiri anamugwira paphewa, ndipo anayendabe.

Onyamula ankalandizana osaima, wina kulowa, wina kutuluka. Ngolo zochokera kumsika zinkapatuka, eni ake n'kutembenuka kulowa m'gulu osafunsa kuti ndi maliro a ndani. Likongwe anali asanaonepo msewu wonse utaima chifukwa cha munthu mmodzi. Malo ochotsera masamba aja anawadutsa osawaona n'komwe.

Pakati pa dambo anapeza Mfuko ndi anyamata ake atang'amba msewu mbali imodzi, pa dzenje lija Njati ankadandaula nalo. Atamva nyimbo anatuluka mmodzimmodzi, n'kuima mondondozana, makasu ali pansi. Gulu linachepetsa liwiro kuti lidutse pambali pa dzenjelo, ndipo Likongwe anasuzumira.

Ankayesa kuti msewu ndi chimene mapazi amaponda. Koma pansi pa miyala ya pamwamba panali miyala ina, pansi pa imeneyo inanso, yoyalidwa ndi manja umodziumodzi, kutsika, kutsika, mwakuti anyamalikiti atatu atakwerana pamapewa mutu wa wapamwamba sukanaonekera. Pansi penipeni matope akuda ankapuma pang'onopang'ono, ndipo mwala umodzi unali kulowa iye akuona, mopanda phokoso, mpaka unasowa.

Njati anali atangolandiridwa kumene. Anaima pambali pa Likongwe, pakamwa pali yasa.

"Mayo ine," ananong'ona. "Phiri langa lija ndi ili."

"Lanu ndi la anzanu," anatero Mfuko motsitsa. "Chimeza sanasiye kudya. Dzinja lililonse amafuna chake. Timamudyetsa miyala kuti asadye ife."

Ena anagwira pakamwa, ena anayamba kuponda mosamala ngati ali m'nyumba ya eni. Mfuko anatola khasu lake, chifukwa okonza msewuwo ndiwonso anali adzukulu a m'mudzimo, okumba manda. Iye ndi anyamata ake anathamangira kutsogolo.

Pamene gulu linkafika kumanda, dzenje linali litatha. Anatsitsa mphasa ija n'kuigoneka pambali. Nyimbo inaleka.

"Ife ntchito yathu tagwira," anatero Mfuko. "Koma sititsitsa munthu wopanda dzina. Mwini maliro, tikuika ndani?"

Likongwe anali atakonza mabodza atatu m'njira. Loyamba linali la azakhali a kumapiri, lachiwiri la mlendo wofera pakhomo, lachitatu la m'bale amene palibe anamuonapo. Lililonse likanagwira ntchito. Mchere ukanakwiriridwa, iye n'kubwerera wosauka koma dzina lili bwino. Anatsegula pakamwa kuti asankhe limodzi.

"Nangozo," anatero.

Onse ankadziwa kuti Nangozo ali pansi pa Chimeza. Maso anatembenukira kumphasa ija. Pangodya imodzi luzi linali litamasuka, ndipo timiyala toyera tinkagwa pang'onopang'ono, n'kuunjikana padothi lofiira. Njati anayang'ana phewa lake. Linali loyera.

"Mchere," anatero wina kumbuyo. Liwulo linayenda m'gulu lonse. "Mchere. Watisenzetsa mchere."

Njiri anagwada pansi. Likongwe anaima pomwepo, manja ali lende. Sanayese kuthawa, sanayese kunama. Mfuko anazika khasu lake pansi, ndipo onse anadziwa mawu amene ati atuluke.

"Dikirani, a kapitawo," anatero Nungu.

Anadutsa pakati pa gulu, onse akumupatukira chifukwa cha minga. Anapisa m'kati mwa chipewa chake, n'kutulutsa kansalu komangidwa mfundo. Anamasula. Munali mkanda wa m'khosi, wofiira ndi woyera, wothothoka mbali imodzi.

Likongwe anauzindikira asanaugwire. Anaugula yekha ndi mchere wake woyamba.

"M'mawa umene Nangozo anasowa ndinali kukumba mizu m'mphepete mwa dambo," anatero Nungu. "Ndinamva nyimbo ikubwera. Inafika popempha kuti amudikire, n'kuduka. Ndinathamanga, koma miyendo yangayi mukuidziwa. Tsiku lomwelo ndinapita kwa a Njovu, ndipo sindinachoke pakhomo pawo mpaka analamula za msewu. Mwala woyamba unaikidwa pamalo pomwe nyimbo inadukira. A Mfuko ndiwo anatola mkandawu pamenepo."

"N'zoona," anatero Mfuko.

"Bwanji simunandipatse?" anafunsa Likongwe.

"Ndinabwera kwanu kawiri. Munayankhira m'nyumba kuti wa msewu asaponde pakhomo panu."

Nungu anaika mkanda uja m'manja mwa Likongwe, n'kutembenukira kugulu.

"Maliro ndi awa. Palibe waseweretsa kanthu pano. Munthu wamutchula dzina, mwamva nonse. Zili m'mphasazo ndi mchere wa ndiwo za okhuza maliro, popeza gulu lotereli silingadye zosakolera."

Kenaka Mfuko, amene mwambo umamulola kuseka pamanda, anayang'ana Njati.

"Akulu, ndimadabwa kuti mukudzinyambitiranji paphewa njira yonseyi."

"Ndimati thukuta langa lakoma lero," anatero Njati.

Kuseka kunabuka, n'kuyenda m'gulu lonse, ndipo kusanathe amayi anayamba kulira, kulira kwenikweni kumene kunachedwa zaka zitatu. Anachotsa matumba m'mphasa ija, anakulungamo mkanda, n'kutsitsa. Dzenje linali lalikulu kwambiri kwa kanthu kochepa chotero, koma palibe ananena zimenezo. Likongwe anaponya dothi loyamba. Nkhanga anayambitsa nyimbo ija, ndipo nthawi iyi Likongwe anabwerera kumbali yake yakale. Anavomera.

Msika sunachitike tsiku limenelo. Mchere wonse unagawidwa, khomo lililonse chikho chake. Mawa lake Likongwe anameta.

Patapita masiku anapita kuchipata wapansi, wopanda ngolo, n'kukhala pambali pa Nungu.

"Munadziwa kuyambira pano kuti ndi mchere," anatero Likongwe.

"Maliro akamadutsa ndimaweramitsa mutu. Munthu akawerama amaona pansi, ndipo pansi ndi pamene pali phazi la gudumu. Wakufa wa mtundu wanu salemera choncho."

"Ndiye munatsegulira chiyani?"

"Zaka zitatu ndakhala pano kudikira maliro amenewo. Ndikanawabweza chifukwa abwera atavala molakwika?"

Ngolo ya Gwape inafika, Nungu n'kudzuka kukayeza.

Msika wotsatira Likongwe anabwera ndi mchere watsopano, ndipo Njiri anali ataunjika kale madengu makumi awiri a miyala pambali pa chipata. Ngolo inaponda. Nungu anaimika munga.

"Dengu limodzi."

"Tengani onsewo."

"Munga wanena limodzi."

"Ndi anga, ndikupereka ndekha. Mwala uli ndi mlandu wanji?"

"Ndikalandira choposa kwa inu lero, mawa wina adzati ndilandire chochepa kwa iye. Pano palibe wachifundo, palibe wankhanza. Pali munga. Dengu limodzi, a Likongwe."

Likongwe anatula dengu limodzi, n'kudutsa nkhope ili gwa.

"Asuweni, mwaluza," anatero Njiri. "Munthu uja simungamuthe."

"Inu kokani."

Msika winawo anafika oyamba, ngolo zina zisanabwere. Likongwe anali atanyamula chipanda chachikulu cha madzi. Anapereka moni, anafunsa za kunyumba, anayenda uku ndi uku padothi paja ngati wofuna poponda, kenaka anapunthwa pa kanthu kosaoneka. Chipanda chinagwa, madzi onse n'kukhuthukira pamenepo.

"Kalanga ine, madzi anga," anatero, osaoneka wodandaula. "Asuweni, pondani, tachedwa."

Njiri anakoka. Magudumu anatitimira, pamodzi ndi makungwa omwe, mpaka ngolo inachita kufuna kukankhidwa. Nungu anayang'ana dothi, anayang'ana chipanda, anayang'ana Likongwe.

"Mwanyowetsa dothi langa."

"Ngozi, akulu. Ndisalaza ndekha ena asanafike. Yezani."

Nungu anazula munga n'kuuimika. Unalowa woyera, wakuda, woyera, wakuda, woyera, wakuda.

"Munga ukuti bwanji?" anafunsa Likongwe.

"Asanu ndi limodzi."

"Munga ndiwo umanena."

Njiri anayamba kututa madengu akubuula. "Kale ndinkasenza kuti tisapereke. Lero ndikusenza kuti tipereke. Asuweni, inu mudzandipha, ndipo pamaliro angawo mudzaikedi munthu m'mphasa."

Likongwe anagwada n'kusalaza dothi ndi manja ake mpaka linabwerera mwakale. Nungu anakweza mtengo.

"Lero mwadutsa," anatero. Sanawonjezepo lamulo la mawa.

Ngolo itayenda pang'ono, mluzu unayamba. Unafika pamalo paja n'kusiya. Kuchipata, mlonda anavomera motsitsa, akuyeza ngolo ya Njati.

N'chifukwa chake mpaka lero likongwe akamadutsa msewu amaima pakati, n'kudzutsa mutu ngati wamva kanthu pansi, kenaka n'kuthamanga.

Nthano yafika pachipata, mtengo watsika. Amene munakwirira mbatata paphulusa kaioneni, mwina yatsalako mbali imodzi yosapserera.